Nsalu ya Kezia pa Phiko la Nkhunda

Adada anga, a Hezron Luhanga, ndi mkulu wa mpingo kwathu ku Mwazisi, ndipo anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu asanapume. Za mizimu sakhulupirira. Munthu akawayambira nkhani zotere amavula magalasi n'kumawapukuta mpaka wolankhulayo atasiya yekha. Koma zimene ndikulemba pano anaziona ndi maso awo, iwo pamodzi ndi mlongo wawo a Tenesi, amene ife timawatchula kuti ankhazi. Onse awiri ali moyo. Mukakawafunsa sakatsutsa, akangokhala chete. Ine sindikuwonjezerapo kanthu, chifukwa nkhaniyi siindikometsa.

Mlongo wanga Kezia anamwalira mu Juni chaka chatha. Anali mlangizi wa zaumoyo, wa aja oyenda pa njinga m'midzi kuyeza ana sikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Lole ya mabelo a fodya inamugunda pa msewu wa ku Bolero, dzuwa litakwera kale. Ine ndinali ku koleji ku Mzuzu. Kezia ndiye anandilera amama atatisiya, ndipo ndiye anandikankhira ku kolejiko. M'mawa umenewo anandiimbira foni kawiri asananyamuke. Ndinaiona ikuwala pa tebulo, ndinati ndimuimbira tulo tikatha.

Ndinafika kumudzi anthu akuchokera kale kumanda. Minibasi inatifera pa Enukweni, ndipo thupi silikanatha kundidikira. Mawa lake achibale anapita kukazonda manda monga amachitira. Ine ndinakana. Ndinali nditakwiya, ngakhale mpaka lero sindidziwa kuti ndinakwiyira yani. Ku koleji sindinabwererenso.

Zovala za Kezia ankhazi anazimanga mtolo umodzi n'kuuika pa bedi lake, kenako anabwerera kwawo ku Chitimba. Kwathu zovala za malemu sizikhudzidwa mpaka tsiku limene abale asonkhana, azichapa n'kugawana. Tsikulo lisanafike mtolo sumasulidwa. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Nkhundayo ndinaipeza patatha milungu iwiri, m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba. Fodya anali atapita kale ku msika, m'chigafamo mutangotsala fungo ndi zingwe. Inali pa fumbi, ikuzungulira malo amodzi. Yotuwa, ya khosi lobiriwira. Phiko la kumanzere linali lende, nthenga zitamatirana ndi magazi, kuonetsa kuti kabawi anaiphonya pang'ono. Ife sitiweta nkhunda. Ndinafunsa onse oweta apafupi, palibe anati ndi yake.

Ndinatsuka bala ndi madzi ofunda a mchere. Sinalimbane nane. Kamtima kake kankagunda m'dzanja langa mofulumira moti ndinaopa kuti kaima. Phiko lothyoka umalipinda monga limakhalira mbalame ikatera, kenako umalimangirira ku thupi ndi nsalu yofewa, yodutsa pansi pa phiko labwinolo kuti ipume bwino. Anandiphunzitsa ndi Kezia yemweyo, pa nkhuku, ndili mwana.

Masanza analimo ambiri m'nyumbamo, sindiname. Koma ine ndinalowa m'chipinda cha Kezia, ndinamasula mfundo ya mtolo uja, ndinasolola chitenje china chimene ankakonda kumanga pamwamba pa yunifolomu akamapalasa njinga. Ndinachigwira kumaso nthawi yaitali. Kenako ndinang'amba kansalu m'mphepete, kotalika ngati mkono, n'kumanganso mtolowo.

Nkhunda ndinaiika m'katoni yobowola, pafupi ndi bedi langa. Ndinkaipatsa mawere ndi mtedza wosinja, madzi m'chivundikiro cha botolo. Masiku awiri inakana. Tsiku lachitatu inamiza mlomo m'madzi n'kumwa nthawi yaitali, ndipo ine ndinalira koyamba chichitikireni maliro.

Zinayamba m'mawa wa tsiku lachinayi. Kunja kunali kutangoyamba kuyera, chisanu cha Julaye chikulowera pansi pa chitseko. Chinandidzutsa ndi fungo. Linali la mankhwala aja a m'zitsime, amene sankachoka m'manja mwa Kezia ngakhale asambe ndi sopo wotani. Linali m'chipinda changa, pafupi, ngati munthu wandiweramira. Nkhunda inali chiimire m'katoni, khosi litasomphoka, ikuyang'ana kuchitseko.

Panja panalira belu la njinga. Kawiri.

Kezia ankaliza choncho akamanyamuka, kuti adada adziwe kuti wapita. Njinga yake apolisi anatibwezera itapindika, ndipo tinaikoleka ku denga m'chipinda chosungira chimanga. Ndinapita kukaiona. Pa belu kangaude anali atayala ukonde wake. Sunaduke.

Pa tiyi ndinawafunsa adada.

"Mwamva?"

"Imwa tiyi, Yona."

"Adada, mwamva kapena simunamve?"

Anaika kapu pansi. "Ndamva. A kwa Harawa nawonso ali ndi njinga."

"Pakhomo pathu penipeni, faifi koloko?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Kuyambira tsikulo belu linkalira m'mawa uliwonse, fungo lija litayamba lafika. Mantha ananditha msanga. Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti ndinayamba kudikira. Ndinkadzuka kusanayere, kuika katoni pa miyendo, n'kumamvetsera. Belu likalira ndinkati, "Mwadzuka bwanji, adumbu," monga timaitanira mlongo kwathu. Ndinaiuza nkhundayo za foni ija. Ndinaiuza kuti sindinali m'kalasi, sindinali kudwala, ndinali nditangogona. Inkapendeka mutu n'kundiyang'ana ndi diso limodzi, kenako n'kundijompha pang'ono pa chala. Ndinayambanso kudya. Ndinameta ndevu. Anthu a kutchalitchi ankawauza adada kuti mnyamata wayamba kulimba mtima.

Phiko la nkhunda limalumikizana pa milungu iwiri, ikachuluka itatu. Wachitatu utatha ndinapapasa fupa ndi zala, ndinapeza lagwirana. Nkhunda inali itayamba kukoka nsalu ndi mlomo, ikukupiza phiko labwino mpaka katoni kusuntha. Ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinadziwanso kuti ikauluka, m'mawa mudzakhala zii.

Ndinalimbitsa mfundo.

Mlungu wachinayi unatha. Wachisanu. Wachisanu ndi chimodzi. Ndinkadziuza kuti mawa, kuti kunja kukadali akabawi, kuti mphepo ya Ogasiti ndi yoipa kwa mbalame yofooka. Nkhunda inasiya kukoka nsalu. Inayamba kusiya mawere m'mbale. Masana inkakhala pa ngodya ya katoni, maso otseka theka, n'kumabuula motsitsa, osati monga zilirira nkhunda zinzake pa denga. Belu nalo linasintha. Silinkaliranso kawiri n'kusiya. Linkalira kamodzi, n'kukhala, n'kuliranso, n'kukhala, mpaka dzuwa kutuluka, ngati munthu amene waima pa chipata kudikira kuti wina amutsegulire.

Ankhazi anabwera kumapeto kwa Ogasiti kudzakonza za tsiku logawa zovala. Anafika m'mawa ndi kathumba ka usipa, anamwa madzi, analowa m'chipinda cha Kezia. Sanakhalitsemo.

"Mfundo iyi si yanga," anatero ali pakhomo la chipindacho. "Ine sindimanga chonchi. Ndani walowa muno?"

Adada anayang'ana ine. Ankhazi anatsata maso awo, kenako anamva kubuula kuja. Analowa kuchipinda kwanga osapempha, anasuzumira m'katoni, anaona maluwa achikasu a chitenje cha Kezia atazungulira thupi la mbalame. Anatuluka pang'onopang'ono n'kukhala pansi pa khonde, miyendo atatambalitsa.

"Mwana wane," anatero motsitsa. "Wachita chiyani?"

"Ndi nkhunda chabe, ankhazi."

"Nkhunda chabe umaipatsa moni wa adumbu? Adada ako andiuza pa foni. Ine ndimati ndi chisoni, chidzatha. Za nsaluzi sanandiuze." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Munthu akapita timamuchapira zovala, timagawana, kuti asakhale ndi chobwerera. Iwe wamumangirira pakhomo ngati mbuzi."

"Tenesi," anatero adada, "ife ndife akhristu."

"Ndine wa Umanyano wa amayi kutchalitchi ine, adumbu, chikhristu musandiphunzitse. Nanga inuyo mumadzukiranji kusanache kukatsegula chitseko? Mwandiuza nokha."

Ndinatembenukira kwa adada. Sindinkadziwa. Masiku onse amene ine ndinkakhala ndi katoni pa miyendo, iwo ankaima pakhomo lotsegula, pa chisanu, kuyang'ana bwalo lopanda munthu.

"Ndimati mwina akufuna kulowa," anatero adada. "Koma salowa. Sakufuna kulowa, Yona. Ndimamva mmene akulizira. Mwana wanga watopa chomene. Mmasule."

"Akapita ndiye kuti wapita, adada."

"Inde."

"Ine sindinatsanzikane naye."

"Ndikudziwa. Mmasule."

Ndinatulutsa katoni pabwalo dzuwa lili paliwombo. Nsalu inali itamatirira ku nthenga, moti ndinachita kuinyowetsa ndi madzi ofunda. Mfundo inandivuta. Itachoka nsaluyo ndinaona kuti pansi pake nthenga zinali zitathothoka, khungu lili mbee. Nkhunda ndinainyamula ndi manja awiri, ndinaikweza m'mwamba, ndinaisiya.

Inagwa pa fumbi.

Inadzuka, inakupiza phiko la kumanja. La kumanzere linangokhala chomatirira ku thupi, ngati nsalu ikadalipo. Ndinayesa kulitambasula pang'ono, linali gwa. Fupa linachira kalekale, koma polumikizira panali patauma chifukwa chokhalitsa chomangidwa. Kabawi anangoithyola. Amene anailemaza ndine.

Nkhunda inaima kanthawi. Sinayang'ane aliyense wa ife. Kenako inayamba kuyenda.

Inadutsa pakati pa bwalo. Nkhuku zimene zinkapalasa pamenepo zinasiya, zinapatuka. Galu wathu analowa pansi pa nkhokwe. Mphepo imene inali ikuwomba chiyambire m'mawa inaleka. Nkhunda inadutsa chigafa, inalowa m'kanjira ka m'munda wokololedwa, kopita kumadzulo.

"Ikupita kuti?" ndinafunsa.

Kanjirako kamapita malo amodzi okha.

Tinaitsata, ankhazi patsogolo, adada ndi ine pambuyo. Inkayenda pang'ono, n'kuima, mlomo uli yasa, n'kuyendanso. Dothi linali lotentha. Pa chigwa china inaterereka, inagwa chammbali, ndipo ine ndinathamangira kuti ndiinyamule.

"Usamugwirenso," anatero ankhazi.

Inadzuka yokha.

Tinakumana ndi a NyaHarawa akuchokera ku mjigo, ndowa pamutu. Anaona mbalame ikuyenda pansi, anaona ife atatu pambuyo pake. Sanafunse. Anatula ndowa, anapatuka, anagwada m'mphepete mwa njira monga achitira amayi maliro akamadutsa. Nawonso alipo, mukhoza kukawafunsa.

Ulendo wa mphindi khumi unatitengera ola lathunthu.

Manda akwathu ali m'nkhalango ya mitengo imene siidulidwa. Munthu salowamo popanda maliro, kapena popanda akuluakulu a mudzi kudziwa ndi kutsogolera. Tinaima pamene pathera kanjira. M'katimo munali mthunzi wozizira ndi fungo la masamba owola. Nkhunda sinaime. Inalowa, ikukoka phiko, masamba ouma akulira pansi pa timiyendo take. Tswa. Tswa. Inazimirira kuseri kwa tsinde.

Ndinaponda phazi limodzi. Adada anandigwira pa mkono.

"Ayi."

"Sindinaone pamene anagona, adada."

"Iye njira akuidziwa. Iwe sunaitanidwe."

Masamba ankalirabe. Tinamvetsera tonse atatu. Phokosolo linkapita kutali, koma m'malo mochepa linkakula. Linalemera. Sizinalinso timiyendo ta mbalame. Anali mapazi. Awiri. Oyenda pang'onopang'ono, ngati a munthu wochokera kutali.

Ankhazi anagwira pakamwa.

Mapaziwo anaima. Kenako tinamva munthu akuusa moyo, kamodzi, motalika, monga achitira mayi akatula mtolo wa nkhuni.

Basi.

Tinakhala chiimire mpaka mithunzi inatembenuka. M'mitengomo simunatuluke mbalame, yoyenda pansi kapena youluka. Adada sanandisiye mkono mpaka tinafika kunyumba. Kansalu kaja ankhazi anakatola pabwalo, anakachapa, anakabwezera mu mtolo.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanayere. Ndinakhala pa bedi, manja pa miyendo. Kuchipinda kwa adada ndinamva kuti nawonso ali maso, koma sanadzuke kukatsegula chitseko. Tinadikira, aliyense kwake.

Kunangocha.