Wakufa Akuonerabe Sewero

Kabokosi kanasowa Lachinayi, tsiku lachitatu la maliro a Mzee Athumani ku Tandika. TV anali ataifunditsa nsalu ya kanga, poti pamaliro saonera. Pochotsa kangayo anangopeza zingwe zili lendee. Kabokosi kokoka mafilimu ndi mpira pa intaneti kanali katapita, ndi rimoti yomwe.

Woyamba kuloza chala anali Selemani, mng'ono wa malemu.

"Amasesa pabalaza pano ndani? Si mtengwa wathuyu?"

Munthu wa mkanjo woyera, wotsogolera mapemphero, akanamutsutsa ndani? Ifenso tinagwedezera mitu, ndipo mpaka lero manyazi amatigwira. Jumanne, mwana wa malemu, anauza mkazi wake Mwajabu kuti ayambe wabwerera kwa amayi ake ku Mbagala. Ukwati unapendekeka basi.

Mwajabu anatha masabata awiri akubisa nkhope. Lolemba m'mawa anatsegula akaunti ya TV ya banja ija pa foni yake. Aliyense anali ndi dzina lake pamenepo, ndipo makina ankasunga pomwe munthu wasiyira. Apongozi ake, malemu aja, anasiyira sewero lawo la mafumu pa gawo 41. Ankakumbukira bwino, poti ndiye ankawamwetsa phala tsikulo. Tsopano linali pa gawo 58.

Anakwera minibasi ya daladala, ulendo wa kupolisi.

"Mayi, mukuti wakufa akuonera TV?" anafunsa Sajeni Mwakipesile.

"Ayi afande. Wamoyo akuonera pa dzina la wakufa."

Sajeniyo anasiya kuseka. Analembera kalata kampani ya TV ija, yankho n'kubwera Lachisanu. Kabokosi kankayaka tsiku lililonse masana, pa intaneti ya nyumba ina ya ku Temeke. Mwini nyumbayo anali Selemani.

Sajeni anafika kunyumbako cha m'ma 3 koloko, Jumanne ndi Mwajabu ali pambuyo. Chitseko chinali chotsegula. Selemani anali pamkeka, patsogolo pake pali makapu awiri a khofi, ina yosakhudzidwa. Ataona apolisi, rimoti inamupulumuka.

"Kabokosi aka ndi kanu, bambo?"

Selemani anayang'ana ku TV.

"Ndafunsa."

"Ndi ka achimwene anga," anayankha maso ali pansi. "Seweroli tinkaonera limodzi, tsiku ndi tsiku. Ndinkangofuna kulimaliza. Ndikanabweza."

"Bwanji osangopempha, bambo aang'ono?" anatero Jumanne.

"Ine, wopempheretsa maliro, ndipemphe sewero manda asanaume? Anthu akanati chiyani?"

"Ndiye munaona kuti bola anene za ine," anatero Mwajabu. Sanakweze mawu n'komwe.

Mkuluyo anavula kofia n'kuphimba nayo kumaso. Jumanne anayesa kugwira dzanja la mkazi wake, koma iye analibweza.

"Inu dikirani kaye. Awa anaba kabokosi. Inu munandipitikitsa osandifunsa ngakhale funso limodzi."

Panja anthu anali atadzaza kale, ena atakwera pamipanda. Selemani anapempha kuti atulukire khomo lakuseri. Sajeni anakana.

"Mayiyu anatulukira lakutsogolo, anthu akuona. Tiyeni."

Unyolo unalira. Nthawi yonseyi sewero linali litaima lokha, poti panalibe wogwira rimoti. Akumutulutsa, Selemani anacheuka kamodzi. Pa TV panali patatuluka funso la zilembo zoyera: "Athumani, mukuonerabe?"