Chibwano Chomangidwa

Mtembo wa Sumail Bacar unapezeka kuseri kwa bwinja la nyumba yakale ya msonkho wa padoko, pamene mafunde amalekezera. Inspekita Armindo Napulula anafika pa chilumba cha Ibo cha m'ma naini, nsapato zili m'manja. Madzi anali atayamba kuphwa. Boti silikanachokanso mpaka madzulo. Zimenezi zinamunyansa. Kwawo ku Pemba munthu ukatopa ndi malo umangokwera galimoto.

Anawerama. Bala linali kunkhongo. Malemu anagonekedwa chammbali, dzanja lamanja pansi, nkhope italoza kumpoto. Maso otseka. Chibwano chomangidwa ndi kansalu koyera, mfundo ili paliwombo.

"Mwavutika chabe, bwana," anatero Inchamo, wapolisi wa pachilumbapo. "Munthuyo tamugwira kale."

Wogwidwayo anali Lazaro, kalipentala Mmakonde wa ku Mueda, amene ankakonza nyumba ya alendo ya mzungu wina. Dzulo lake anthu anamumva akukangana ndi Sumail pamsika. Umboni wonse unali umenewo. Kunja kwa polisi amuna ovala zisoti anali atakhala pamthunzi. Anthu a pa Ibo safuula. Anangomuuza Inchamo mwaulemu kuti mtembo auika isanakwane nthawi ya swala, pemphero la masana la Asilamu, ndipo akachoka kumanda abwera kudzacheza ndi mlendo wogwidwayo. Chitseko cha selo chinali ndi loko mmodzi wadzimbiri.

Lazaro anali atatupa mlomo. Anafotokoza kuti mkangano unali wa chitseko. Sumail anagulitsa kwa mzungu uja chitseko chosema cha nyumba ya makolo ake, koma tsiku lokachizula ankangolisuntha.

"Ndimuphe kuti chitsekocho andipatse ndani, bwana? Ine anandituma thabwa, osati mutu wa munthu."

Napulula anatuluka. Anayenda msewu waukulu, ngati n'kutheka kuutcha msewu. Nyumba zopanda madenga. Mikuyu yomera m'zipinda. Mbuzi pakhonde pomwe kale pankakhala bwanamkubwa. Aliyense amene anamuimitsa anayamba ndi kumuuza za agogo ake: anali ndi zombo zingati, ankadyera m'mbale zotani. Za mtembo, palibe anaona kanthu.

Mkazi wa malemu, mayi Muanassa, anati mwamuna wawo anatuluka dzuwa litalowa ndipo sanabwerere. Sanadabwe, poti sikanali koyamba. Anatchula dzina la mkazi wina wa kumsika. Napulula anapitako, n'kupeza mkaziyo ali ku Quissanga kuyambira mwezi watha. Ola lathunthu linapita pachabe.

Amene anapeza mtembo anali mayi Zainabo, akupita kokagwira nkhanu m'mawa. Anati anaupeza utauma kale ngati mtengo.

"Ndiye munamumanga chibwano ndinu, mayi?"

"Ine? Mwamuna wa eni ake? Ndinapeza chili chomangamanga. Ndinkayesa alipo anandiyambirira kufika."

Napulula anafunsa Inchamo. Inchamo ankayesa ndi achibale. Achibale ankayesa ndi apolisi. Chilumba chonse chinaona kansaluko, n'kuona kuti zili bwino, maliro alemekezedwa. Palibe anafunsa.

Napulula anabwerera ku mtembo n'kumasula mfundo ija. Kamwa silinatseguke. Kansaluko kanasiya mzere wakuya m'masaya. Chibwano chouma sichimangika. Ameneyu anamangidwa thupi likadali lofunda. Kansalu kake kanali kong'ambidwa ndi manja ku nsalu yatsopano yokulungira maliro.

"Amasambitsa maliro a amuna pano ndani?"

Inchamo anayang'ana pansi. Anati ndi a Nfaume, akulu ake a malemu, munthu amene sanaphonyepo swala.

Napulula anawapeza kunyumba ya makolo ija, akufunditsa madzi pabwalo. Khoma lina linali litagwa. Chitseko chokha ndiye chinkawala mafuta, maluwa osema mbali zonse, misomali yamkuwa. A Nfaume anamulandira ndi khofi m'kakapu kobenthuka, n'kufunsa kuti boma liwapatsa nthawi yanji m'bale wawo.

"Za imfayi munamva liti, bambo?"

"M'mawa, monga wina aliyense."

Napulula anaika kansalu kaja pamphasa. Anati akufuna amuthandize nzeru, poti iye ndi wa m'tauni, zambiri sazidziwa. Mmakonde wa kutchalitchi amenya munthu kunkhongo. Kenako m'malo mothawa, amugoneka kudzanja lamanja. Amulozetsa kumpoto, ku Maka, mzinda woyera wa Asilamu. Amutseka maso. Apita kukasaka nsalu ya maliro, n'kumanga mfundo yosalala chonchi.

"Ku Mueda amaphunzitsa zimenezi?"

A Nfaume anasonkhezera moto. Madzi anayamba kulira mumphika. Kenako anayankhula osadzutsa mutu. Anati chitsekocho agogo awo anabwera nacho pa chombo kuchokera ku Zanzibar. Maliro onse a banjalo anatulukira pamenepo. Dzulo anamutsatira Sumail kugombe kukamupempha komaliza. Sumail anaseka, n'kunena kuti mzungu akachisandutsa tebulo loti alendo azimwerapo mowa, ndipo chikhala chagwirako ntchito koyamba. Atatembenuka, iwo anatola mwala.

"Ndinafika mpaka pakhomo pano. Koma ndinamusiya kukamwa kuli yasa, maso ali tong'o. Ndasambitsa anthu a chilumba chino kuyambira ndili mnyamata. Mng'ono wanga ndimusiye ngati galu?"

"Nanga Lazaro? Akuluakulu anu aja akuti akamuchezera mukachoka kumanda."

"Ameneyo si wa kuno."

Anayankha mosavutika, ngati akunena za nyengo. Napulula anakhuthulira pansi khofi wotsala. Anauza Inchamo kuti akatsegule selo, amuperekeze Lazaro kudoko, ndipo podutsa pamthunzi paja anene mokweza dzina la amene wavomera. Inchamoyo akaliyankhulira m'kamwa, nayenso akwera boti lomwelo kukayankha mlandu ku Pemba.

A Nfaume anatambasula manja kuti amangidwe. Kenako anawabweza. Anati pachilumba ponse palibe wina wodziwa kusambitsa mwamuna moyenera, achinyamata amangothira madzi ngati akutsuka boti.

"Ndiye Sumail amusambitsa ndani?"

Napulula anayang'ana kunyanja. Madzi anali akadali kutali. Anabweza unyolo m'thumba n'kukhala pansi.

"Musambitseni, bambo. Ntchitoyi munaiyamba nokha. Imalizeni."