Nsagwada za Kapitawo

Madzulo amenewo ndinali patebulo langa la ntchito monga mwa masiku onse. Ndimapanga timinda ta m'mitsuko yagalasi: pansi timiyala, kenako makala, dothi, ndere ndi timitengo tosakula. Pakati ndimakhazikapo chigaza cha nyama, kaya cha mbuzi, kaya cha mphaka wogundidwa pamsewu. Anthu amagula n'kukakongoletsera m'nyumba. Ena amati n'zonyansa, ndipo sindiwatsutsa. Ine ndimangoona kuti fupa likazunguliridwa ndi zobiriwira, imfa imaoneka ngati yangogona.

Chigaza cha tsikulo sichinali chogulitsa. Chinali cha Kapitawo, galu wa malemu amuna anga.

Amuna anga ankayendetsa basi, ndipo ankaweruka usiku. Akafika pageti ankaimba mluzu, kawiri mwachidule, kamodzi motalikitsa. Kapitawo ankayankha ndi kuuwa, ine n'kudzuka kukachotsa mpiringidzo. Mluzu wokha sindinkaukhulupirira, poti aliyense angathe kuuphunzira. Mboni yanga inali galu. Basi itagubuduzika n'kupha amuna anga, Kapitawo anangokhala pageti mpaka anasiya kudya n'kufa. Ndinamukwirira kuseri kwa nyumba, ndipo dothi litamaliza ntchito yake ndinakafukula mutu wokha.

Mng'ono wanga, amene timangomutchula kuti Nesi, anandipeza ndikulowetsa waya m'nsagwada.

"Achemwali, galu wa alamu mukumumanga pakamwa lero? Ali moyo munkalephera."

"Ukapanda kumanga, nsagwada ya m'munsi imagwa," ndinatero. "Chigaza chilichonse ndimatero."

"Mukanalidziwa kale luso limeneli, bwenzi aneba atanenepa ndi tulo."

Tinaseka. Kunali kuseka kwanga koyamba chichitikireni maliro. Nesi atapita ku ntchito yake yausiku, ndinapotokola waya mbali zonse ziwiri, ndinakhazika Kapitawo pa ndere, ndinatseka chivindikiro, n'kukagona.

Chimene chinandidzutsa ndi mluzu. Kawiri mwachidule, kamodzi motalikitsa.

Ndinakhala tsonga pabedi. M'nyumba monse zii. Ndinadziuza kuti ndi maloto. Mluzu unamvekanso, pageti penipeni, wosasa pang'ono, monga unkamvekera amuna anga akatopa.

Ndinapita pabalaza osayatsa magetsi. Dzanja linafika pampiringidzo n'kuima pomwepo. Ndinkadikira galu. Zaka zonse za ukwati wathu sindinatsegulepo chitseko chimenecho galu asanauwe, ndipo thupi langa linakana kuyamba usiku umenewo.

Kumbuyo kwanga, patebulo, kunamveka kaphokoso. Kwe. Kwe. Ngati chitsulo chikukhula fupa. Ndinacheuka. Kuwala kwa mumsewu kunkagwera pamtsuko. Galasi linali litachita nthunzi mkati, malo amodzi okha, moyang'anizana ndi mphuno. Nthunziyo inkakula, n'kuchepa, n'kukulanso.

Kwe. Kwe.

Mluzu wachitatu unali wapansipansi, ngati wa munthu amene wayamba kukayika ngati pakhomo wafikapo ndi pake. Kenako mapazi. Sankabwera. Ankapita.

Apa m'pamene ndinakumbukira waya. Ndinagwetsa chivindikiro n'kupisa manja mumtsuko. Ndinali nditamanga molimba, monga ndimachitira nthawi zonse. Mmene waya ankamasuka n'kuti kunja kulibenso phokoso lililonse. Nsagwada inagwera pa ndere. Palibe chinauwa. Ndinakankha chitseko n'kuthamangira kugeti wopanda nsapato. Ndinaitana amuna anga ndi dzina limene ndinkawaitana nalo tikakhala awiri. Msewu unali mbee, uku ndi uku.

M'mawa Nesi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandigwira dzanja.

"Achemwali, alonda a pasitolo paja amaimbanso mluzu. Ndipo mtsuko wongotseka kumene umachita thukuta. Munandiphunzitsa ndinu."

Sananame. Ku koleji ndinaphunzira za zomera, ndipo ndikudziwa zimene chinyezi chimachita m'galasi lotseka. Ndikudziwanso kuti khutu la namfedwa limamva zimene mtima ukufuna. Mwina ndikanatsegula ndikanakumana ndi wakuba, ndipo waya uja ndiye anandipulumutsa. Zonsezi ndimazivomereza masana. Koma chinyezi chimadzaza galasi lonse. Sichisankha mphuno, ndiponso sichipuma.

Mtsuko uja sindinautsekenso. Ndere inauma, timitengo tinafota. Kapitawo ali kukamwa yasa, kuyang'ana kukhomo. Ine ndinasamutsira bulangeti pabalaza. Zigaza za makasitomala ndimamangabe, poti ndi mmene ntchito imafunira, koma ndikamapotokola waya ndimayang'ana kumbali.

Patapita masiku, mayi a nyumba yoyandikana nafe anaimitsa Nesi pampanda. Anamuuza motsitsa mawu kuti mluzuwo nawonso anaumva, ndipo anadabwa kuti kwathu sikunatsegulidwe.

"Musawauze achemwali anu," anatero, koma Nesi sadziwa kundibisira kanthu. "Munthu akabwera kudzatsanzika n'kupeza kuti ngakhale galu wake sakumuyankha, amaganiza kuti a kwawo anasamuka. Ndiye amapita kukawafuna kwina."