Mkeka Wokhota wa Solange

Kutatsala masiku anayi kuti sukulu ziwiri za m'mudzimo, ya Chifalansa ndi ya Chingerezi, zichite chikondwerero chawo, Solange anapezeka alibe womumasulira. Aphunzitsi ake anamusankha kuti akafotokoze mawu a Chifalansa akuti entente cordiale, ndipo woti akamasulire m'Chingerezi anali msuweni wake Leiwia. Koma awiriwa sankalankhulana. Pa mpira wamanja Solange anamunena mnzakeyo pagulu kuti ndi mbuli ya ku sukulu ya Chingerezi, anthu n'kuseka.

Solange anali wakuthwa pakamwa, koma mawu akuti pepa ankamulemera ngati thumba la kokonati. Anangotenga pepala lake n'kupita kwa Leiwia, yemwe anamupeza akusenda chinangwa.

"Tamvera, iwe," anatero Solange. "Entente cordiale ndi kumvana kochokera pansi pa mtima pakati pa mayiko. Angerezi ndi Afalansa anakangana zaka zambirimbiri, koma mu 1904 anasainirana kuti basi, zithe. Ndiye ifenso..."

"Ndiye ndisaine pati?" Leiwia anafunsa osadzutsa mutu. "Mbuli imadziwa kulemba? Kaya azungu akowo amathetsa nkhani ndi cholembera, pachilumba chathu chino cha Efate ukudziwa chimene wolakwa amabwera nacho."

Solange anabwerera manyazi atamugwira. Ankadziwadi kuti wolakwa amapepesa ndi mkeka. Amayi ake anali nayo yambiri, koma anamumana.

"Unatukwana wekha, ukaluke wekha," anatero.

Kwa masiku atatu Solange analimbana ndi masamba a mtengo wa pandanasi olukira mikeka mpaka zala kuchekekachekeka. Mkeka unatuluka wokhota, mbali ina yaitali, ina yaifupi. Anaunyamulabe n'kukauika pamapazi pa Leiwia, amayi a Leiwia akuona.

"Ndinakulakwira, msuweni. Pepa."

Leiwia anautambasula, kuuyang'anitsitsa, kenako anaphulika kuseka. "Mayo ine! Ngakhale nkhumba singagonepo apa!"

Komabe anaupinda bwinobwino, misozi ili m'maso, pakuti nayenso anali atamusowa mnzakeyo.

Tsiku la chikondwerero, Solange atatchula entente cordiale anatembenukira kwa msuweni wake kudikira Chingerezi. Leiwia sanamasulire. Anangotulutsa mkeka wokhota uja m'thumba n'kuukweza m'mwamba, ndipo makolo a sukulu zonse ziwiri anawomba m'manja Solange asanafike n'komwe pa 1904.