Pamwamba pa Mzere wa Matope

Choyamba kukwera chinali chitini cha mchere.

Otilia anachisiya pansi Lolemba madzulo, pafupi ndi chitseko cha kasitolo ka kukhitchini kwa amayi ake. Lachiwiri m'mawa anachipeza pashelefu, chovindikira bwinobwino. Sanachite nacho chidwi. Munthu amene amakhalira kukangana ndi ogula nsomba pamsika wa Bangula amaiwala zambiri.

Masiku anali atamuthera. Mudzi wonse unali utasamukira kumtunda kuthawa Shire, kwatsala nyumba zitatu zokha, ndipo Goodwell wa ngolo anali atanenetsa kuti Loweruka ndi ulendo wake womaliza, chifukwa mvula ikangogwa njira ya kudambo imameza ng'ombe mpaka m'mimba. Amayi a Otilia, Mai Sellina, akapanda kukwera ngoloyo, dzinja likanawapeza m'mphepete mwa madzi ndi miyendo yawo yotupayo.

Koma kasitoloko! Zaka zisanu ndi zitatu amayiwo sanatayemo kanthu. Munali zigubu za mchewere, mabotolo a mafuta otsala madontho, mfutso wosanduka fumbi, nyika, mizu ya kakombo wa m'dambo, zouma gwa ngati miyala, milamba yowamba imene ngakhale mphaka akanaikana. Zina zinali pamashelefu, zina zolendewera kudenga, matumba ali pansanja ya matabwa. Pakhoma panali mzere wa matope wofika m'chifuwa, pamene panalekezera madzi a chigumula cha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo katundu yense anapanikizana pamwamba pa mzerewo. Pansi pake panali mbee.

"Amayi, nyemba izi mukusungira ndani? Anankafumbwe anadya kale, mpaka anasamba m'manja."

"Zisiye pomwe zili," anayankha Mai Sellina ali pamphasa.

"Ikubwerayo ndi ngolo, si sitima."

"Tsitsa zimene ukufuna, koma dzuwa likamalowa uzikweze. M'nyumba muno chakudya sichigona pansi."

Otilia anangotsonya. Tsiku lonse anatsitsa, kununkhiza, kupeta, thukuta likuyenderera mpaka m'zigongono. Pofika madzulo anali ataunjika milu iwiri pansi, wa zotaya ndi wa zonyamula, ndipo anagona pakhonde chifukwa m'nyumba munali ngati mu uvuni.

Chinamudzutsa sichinali phokoso, koma kuti achule a kudambo anangoti zii onse pamodzi. Mumdimamo anamva chinthu chikukhulika pansi pang'onopang'ono, kuima, kukhulikanso. Kenaka kudontha, tho, tho, tho, ngati chovala chonyowa chopachikidwa pachingwe. Mphepo inabweretsa fungo la matope a kumtsinje, pamene mvula inali isanagwe ndi kamodzi komwe chaka chimenecho. Anadziuza kuti ndi makoswe, nafunda chitenje kumutu.

M'mawa milu ija kunalibe. Zonse zinali pamwamba pa mzere, ndi nyemba zofumbwa zomwe.

Kumjigo anakumana ndi Esinala, wa nyumba yoyandikana nayo, amene anayamba wayang'ana uku ndi uku asanayankhule.

"Ife timamva kalekale," ananong'ona. "Mitambo ikangoyamba kuda, m'kasitolo mwanumo mumayenda munthu. Amati amene sanaikidwe m'manda sadziwa kuti ntchito yake inatha."

Ankanena Lorenso, mlongo wake wa Otilia, amene anapita ndi madzi usiku wa chigumula, thupi lake osapezeka. Otilia nthawi imeneyo ankakhala ku Ngabu, ndipo anangouzidwa kuti madzi anamupeza pafupi ndi nyumba.

"Iwe Esinala, mizimu ya kwanu kuno ndiye yokonda mchere?" anatero Otilia. "Ndi amayi amenewo. Akufuna Loweruka lidutse."

Ananyamula ndowa yake mwaukali, koma madzi anamutayikira kumsana njira yonse.

Lachinayi anaitana Goodwell kuti amuthandize kutsitsa thumba lalikulu la mapira pansanja. Anagwira awiri, bamboyo akubuula kuti msana wake ndi wa ana asanu. Analisiya pakati pa kasitolo. Otilia anaika zitini zingapo pambali pake, nakhala tsonga kukhitchini, tochi ili m'manja, atatsimikiza kuti sagona.

Tulo sitimva malumbiro. Anadzidzimuka tambala woyamba akulira, achule ali chete, kudontha kuja kukumveka pafupi kwambiri. Kuseri kwa chitseko wina ankapuma movutika. Otilia anakankha chitsekocho ndi phazi, nayatsa tochi.

Anali Mai Sellina, atatsamira khoma, akuyesa kufikitsa chitini cha mchere pashelefu.

"Ndinadziwa!" Mawu a Otilia anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Ine ndasiya malonda sabata yathunthu, inu muli pantchito yobweza m'mbuyo? Mukufuna madzi adzakutengeni inunso?"

"Tsitsa mawu," ananong'ona amayiwo. "Ndimangomuthandiza tating'onoting'onoti. Amatopa."

Otilia anatembenuza tochi. Pakati pa kasitolo panalibe thumba. Linali pansanja, pamwamba penipeni, pamene iye ndi Goodwell anavutika kufikapo. Mbali imodzi ya thumbalo inali yonyowa, malo awiri otalikirana ngati pamene pagwira manja, ndipo madzi akuda ankadontha kuchokera pamenepo. Anayang'ana mikono ya amayi ake, yoonda ngati bango.

Mai Sellina anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi.

"Tinali titafika kale pachulu, Otilia, tonse amoyo. Madzi anali m'mawondo. Ndiye ndinakumbukira kuti mapira ndinawasiya pansi, ndinali nditangopuntha dzulo lake. Ndinati, Lorenso, thamanga ukakweze chakudya, tidzadya chiyani madzi akaphwa?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Madzi ataphwa tinapeza zonse zili pansanja. Sanasiye ndi lichero lomwe. Mapira amenewo tinadya mpaka Juni, inenso ndikumeza nawo."

Otilia anazimitsa tochi. Anakhala pansi pambali pa amayi ake, phewa kukhudza phewa, ndipo anakhala choncho mpaka kuwala kunalowa pazenera.

Lachisanu sanakangane. Amayiwo ankaloza, mwana akutsitsa ndi kutulutsa panja. Zofumbwa anakathira nkhuku za Esinala, mabotolo anakataya kudzala, ndipo zonyamula anazigoneka pabenchi kuti zisakhudze dothi.

Loweruka ngolo inafika mitambo itada kale cha ku Mozambiki. Katundu atakwera, Mai Sellina anakakamira chitseko.

"Ine sindingathe kumuuza Lorenso kuti tikuchoka. Ndine ndinamutuma. Kamuuze ndiwe."

Otilia, amene sankakhulupirira zoyankhula ndi makoma, analowa m'kasitolo mopanda kanthumo.

"Achimwene," anatero, "zonse zakwera. Palibe chatsala pansi. Takhuta. Tiyeni kumtunda, ngolo ikudikira."

Anasiya chitseko chosatseka.

Kumtunda anafika mvula yoyamba ikuwaza. Kanyumba katsopanoko kanali ka chipinda chimodzi, kopanda nsanja kapena shelefu, kokhala ndi thebulo limodzi lokha. Otilia anafuna kusanja njerwa kuti aikepo thumba la mapira, koma amayi ake anamugwira dzanja.

"Lisiye pansi. Thebulolo ulikokere pafupi, Lorenso asavutike pokweza."

Otilia anamvera. Usiku wonse anamva amayi ake akutembenuka pamphasa, akumvetsera. Iyenso ankamvetsera, ndipo anadabwa kuzindikira kuti sankaopa kumva kudontha kuja. Ankakudikira. Koma kunali mvula yokha pamalata.

Kutacha, thumba linali pomwe analisiya, louma, thebulo lili pambali pake lopanda kanthu.

Mai Sellina analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakwawa, naika chikhatho pamwamba pake, monga mmene mayi amagwirira mutu wa mwana wodwala.

"Sanakwere nafe," anatero. "Otilia, tamusiya yekha m'nyumba yopanda choti akweze."