Nthenga ya Kang'wing'wi

Pa komboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi Karoi panalibe nyumba yaulemu ngati ya a Yeremiya, mkulu wa mpingo. Pakhomo posesa, nyimbo m'mawa, pemphero asanagwire sadza. Mwana wawo Lazalo ankaphunzira zauphunzitsi ku koleji ya mishoni, ndipo liwiro lake, abale inu, fumbi lokhalokha! Ngakhale foromani ankamuvulira chipewa.

Koma tchuthi china anabwera ataonda. Mpikisano wothamanga wa makoleji unali pafupi, ndipo kunamveka mbiri ya mnyamata wa Chizezuru, mtundu wa eni dzikolo, amene sanagonjepo. Lazalo chakudya ankangotosa.

"Iwe, chikukudya n'chiyani?" anafunsa amayi ake, a Jesinta. "Eni dziko lino amati mwana wosalira amafera m'mbereko. Ndipo Kalino uja umusiye, ndakuonani mukunong'onezana."

"Palibe, amayi."

"Palibedi!" anatero a Yeremiya. "Ameneyu akatichotsa manyazi Manyasalandi tonse. Akagonja, ine ndidzayenda bwanji pa komboni pano?"

Mawu amenewo anamukhala pachifuwa ngati belo la fodya.

Kalinoyo anali woyendetsa thirakitala, mwini wake wa mowa woletsedwa wa chikokiyana, pakamwa ngati uchi.

"Mukoma Ticha," anatero kwa Lazalo, poti achimwene kumeneko amati mukoma, "munaonapo munthu atathawa Kang'wing'wi, chilombo cha gule chija chimathamangitsa anthu pamaliro? Liwiro lake lili mu nthenga za kumutu. Imodzi yokha, kusokera m'kabudula, basi. Mzezuru adzangoona zidendene."

"Ine ndine Mkhristu, komanso sindinamete. Kudambwe angandiphe."

"Masana anthu a gule onse ali kushedi, akusankha fodya. Angakuoneni ndani, nyerere?"

Dzuwa lili paliwombo Lazalo anadutsa nsanza zofiira zoletsa njira, nalowa m'nkhalango yobisiramo zilombo. Anazula nthenga m'chigoba cha Kang'wing'wi. Potuluka anamva tswa! kumbuyo. Anacheuka. Palibe.

Nthengayo anaisokera m'kabudula, koma kuyambira tsiku limenelo kucheuka sikunathe. Ku koleji, akamathamanga ankamva mapazi ena pambuyo pa ake. M'kalasi ankakhala chotsamira khoma. Anzake akamufunsa, ankaseka mano okha. Kuulula kwa abusa? Amuchotsa sukulu. Kwa bambo ake? Kuli bwino kufa. Anangomeza, mantha nakula ngati chithupsa.

Tsiku la mpikisano komboni yonse inafika pa lole, amayi atavala zitenje zatsopano, anyamata atanyamula ng'oma yochemerera. Mfuti itangolira, ng'oma nayo inalira. Lazalo anamva kuti chilombo chafika. Anakuwa, nathamanga liwiro limene munthu sanalionepo. Mzezuru anatsala kutali. Anthu ali lululu, a Yeremiya chipewa m'mwamba!

Koma mwana sanaime. Anadutsa chingwe, anadutsa aphunzitsi, anadziponya pa waya waminga, nalowa m'chimanga. Anakamupeza mu ngalande, magazi chuchuchu, akufuula, "Tengani nthenga yanu! Musandiphe!"

Mawa lake a Yeremiya, amene moyo wawo wonse sanapatsepo moni munthu wa gule, anakagwada kwa a Simao, mkulu wa kudambwe, nthenga ija ili m'manja.

"Chonde, muuzeni Kang'wing'wi amusiye mwana wanga."

A Simao anaitembenuza nthengayo, napukusa mutu.

"A Yeremiya, ife sitinadziwe n'komwe kuti yasowa. Sitinatume chilombo. Akanabwera yekha, nkhani ikanatha ndi mbuzi ndi kumumeta. Chimene chikumuthamangitsa chili m'mutu mwake, ndipo chimenecho ng'oma yathu sichiimva."

Lazalo anamutengera ku chipatala cha amisala ku Bulawayo, atamumanga ndi zingwe zomangira fodya. Chikho anapereka kwa bambo ake. Mpaka lero sanachitulutse m'thumba.

Ana inu, tchimo silisowa wokuthamangitsa, limakuthamangitsa lokha. Mantha akakugwira, uza munthu usanachite chopusa. Nanunso makolo, mwana akati "palibe" uku akuonda, musamaombe m'manja.