Nkhope ya Amayi a Suwi pa Kanema

Holo ya sukulu inadzaza mpaka ena anasuzumira m'mawindo. Linali tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4 a chaka cha 2008, ndipo aliyense ankadikira kanema amene Suwi Malizani anakonza. Suwiyo anakhala pafupi ndi kompyuta.

A Dixon, aphunzitsi a kompyuta, anali atajambula makolo a ana a Fomu 4 kuntchito kwawo, aliyense akulimbikitsa mwana wake. Ntchito yolumikiza zithunzizo anaipereka kwa Suwi chifukwa anali wochangamuka. Anamuphunzitsa kusanjika chithunzi pamwamba pa chinzake kuti zionekere limodzi, komanso kutembenuza mitundu kuti choyera chide, chakuda chiyere.

Makolo ena anajambulidwa m'maofesi atamanga mataye. Amayi a Suwi, a Alesi, anajambulidwa m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, pulasitiki ili m'chiuno yotchinga mame. Vuto linali lakuti Suwi anali atauza mnzake Jean, mwana wa manejala wa esiteti ya tiyi, kuti amayi ake ndi kalaliki kufakitale. Kuwachotsa sakanatha, poti a Dixon anali ndi mndandanda wa makolo onse. Choncho anasanjika masamba a tiyi pankhope pawo n'kutembenuza mitundu. Dzina sanalembe.

Kanema anayamba, anthu akuwomba m'manja kholo lililonse likaoneka. Kenako panatulukira chinthu chankhope yotuwa, mano akuda bii, masamba ofiirira akuyenda m'maso mwake.

"Mzukwa uwo!" wina anakuwa kumbuyo.

Holo yonse inafa ndi phwete. Mawu okha ndiwo sanasinthe: "Mwana wanga, ine ndinalekeza Sitandade 3. Iwe mayeso usawaope, ukalembe mtima uli m'malo."

"Kodi si a Alesi amenewa?" anafunsa mayi wina mokweza.

Suwi anacheuka. Amayi ake anali pabenchi yachitatu atavala chitenje chatsopano, pakati pa anzawo awiri othyola nawo tiyi amene anawaitana kuti adzawaonere. Anali atawerama, akupinda nsonga ya chitenjecho.

Nthawi yopuma, a Dixon anadutsa pafupi ndi Suwi. "Kompyuta siitembenuza yokha mitundu," anatero motsitsa mawu, osaima.

Suwi anakawapeza amayi ake kuseri kwa holo.

"Usadandaule mwanawe," iwo ndiwo anayamba. "Makinawa amalakwitsa. Enawo aoneka bwino, ntchito waigwira."

Akanamukalipira zikanapepukako.

"Si makina, amayi. Ndinachita dala."

"Dala?"

"Ndinauza anzanga kuti mumagwira muofesi. Ndimaopa kuti akuonani ndi dengu."

A Alesi anayang'ana minda ya tiyi yomwe inayala phiri lonse kutsidya.

"Ndinachita kuwapempha akapitawo katatu kuti andilole kubwera," anatero. Kenako anafunsa, "Ndiye nkhope yangayo inatayika?"

"Ayi, ilipo. Ili pansi pa zomwe ndinasanjikazo."

"Kaibweze. Sindinadzionepo pa kanema chibadwire."

Suwi anathamangira kwa a Dixon, ndipo iwo anangomulozera mpando. Anachotsa masamba aja, nabwezera mitundu m'malo mwake. Sizinatenge ngakhale mphindi ziwiri.

Anthu atalowanso, Suwi anaimirira kutsogolo.

"Chithunzi munaseka chija ndinachiwononga ndine," anatero. "Awa ndi amayi anga, a Alesi Malizani. Amathyola tiyi kuesiteti."

Jean anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, koma Suwi sanabweze maso. Pakhoma panaoneka a Alesi akumwetulira, tiyi atabiriwira kumbuyo kwawo, ndipo ulendo uno mawu awo anamveka mpaka kumapeto. Anzawo awiri aja analulutira, holo n'kuwomba m'manja.

A Alesi sanabwerere pabenchi. Anaonera ataima pakhomo, ndipo chithunzi chitatha anauyamba wa kunyumba. Suwi anawatsatira m'kanjira kodutsa m'tiyi, iwo patsogolo, iye pambuyo. Atafika pamlatho anaima n'kumudikira.

"Yenda pambali panga," anatero. "Kapena ukuopabe kuti akuona?"

Suwi anapukuta misozi n'kufulumira.